Sikelo ikakwera usiku umodzi musathawe nsima: momwe mungatsatire kulemera kwanu pochepetsa thupi

Ine ndine telala, ndipo tepi yoyezera sichoka m'khosi mwanga kuyambira m'mawa mpaka kuweruka. Ziuno za anthu a muno m'Chipata ndaziyeza zosawerengeka: za akwati, za amayi a kwaya, za abambo obwera ndi buluku kuti ndiwonjezereko kansalu kumbuyo. Koma anesi atandiuza kuti BP yanga yakwera ndipo ndiyambe kuchepetsa thupi, ndinagula sikelo, ndipo sikeloyo inandizunguza mutu miyezi iwiri yathunthu. Lachisanu inati makilo 86.1. Loweruka ndinapita ku kicheni pate, Lamulungu tinakadya kwa apongozi, Lolemba m'mawa n'kuona 87.5. Manja lende. Tsiku limenelo nkhomaliro sindinadye, ati kudzilanga. Pofika madzulo njala inali itandipinda, ndinadya zitumbuwa zisanu ndili chiimire, uku ndikudziuza kuti kunenepa n'kwa kumtundu kwathu, thupi ili silidzatsika.

Chimene chinandimasula ndi nkhani ya chimanga. Aliyense amene anagulitsapo ku FRA, bungwe la boma logula chimanga, akudziwa kuti iwo sathamangira kugula chimanga chikangokololedwa. Amadikira chiume, chinyezi chitsike kufika pa 12.5 peresenti. Thumba la chimanga chosauma limalemera ndithu, koma kulemera kwinako ndi madzi, ndipo pakapita masabata angapo thumba lomwelo lapepuka popanda njere ngakhale imodzi kuchokamo. Nafenso ndi chimodzimodzi. Theka la thupi la munthu wamkulu, kapena kuposerapo, ndi madzi. Sikelo sidziwa kusiyanitsa mafuta, madzi, mkodzo ndi nsima ya dzulo imene ikadali m'matumbo. Imangophatikiza zonse n'kukupatsani nambala imodzi. N'chifukwa chake kusintha kwa kilo imodzi kapena makilo awiri pakati pa lero ndi mawa si chachilendo kwa munthu wabwinobwino.

Tiwerenge pang'ono, chifukwa masamu awa ndi amene amakhazika mtima pansi. Kuti thupi liunjike kilo imodzi ya mafuta enieni, pamafunika makalori (muyeso wa mphamvu ya m'chakudya) pafupifupi 7,700 owonjezera pa amene thupilo lagwiritsa ntchito. Kilo imodzi ya ufa wa chimanga ili ndi makalori pafupifupi 3,600. Ndiye kuti mudye nokha nsima ya ufa woposa makilo awiri pamwamba pa chakudya chanu cha masiku onse, kapena mumwe pafupifupi lita yathunthu ya saladi (mafuta ophikira). Pa kicheni pate paja ndinabwereza mpunga ndi nkhuku, inde, koma pamenepo sindinafikepo. Zambiri mwa makilo 1.4 amene ndinakwera aja zinali madzi ndi chakudya chodutsa.

1. Sikelo ikhale imodzi, ndipo iime pa simenti

Masikelo sagwirizana. Ya ku kiliniki, ya mnyamata wolipiritsa kandalama pa khonde la sitolo ku Down Shops, ndi ya kwa anzanu ku Kalongwezi, zikhoza kusiyana ndi kilo yathunthu pa munthu yemweyo ola lomwelo. Sankhani imodzi, zinazo muzingozidutsa. Iikeni pa simenti kapena pa matailosi, osati pa mphasa, pa kapeti kapena pa dothi la mabampu, chifukwa pansi pofewa pamainamiza. Ine ndinajambula ndi choko changa cha utelala malo amene miyendo yake imakhala, kuti wosesa akaisuntha ibwerere pomwepo.

Muiyese ngati ikunena zoona. Lita imodzi ya madzi imalemera kilo imodzi. Kwerani muli chimanjamanja, lembani nambala, kenako kwerani mutanyamula chigubu cha malita 5 chodzaza. Kusiyana kwake kukhale pafupi ndi 5. Ngati mukakwera katatu motsatizana ikupereka manambala atatu osiyana kwambiri, sinthani batire musanayambe kudandaula za thupi lanu.

Mulibe sikelo pakhomo? Si mlandu. Dziyezeni kamodzi pa sabata pa sikelo imodzimodziyo, tsiku lomwelo, m'mawa musanadye, mutavala zovala zofanana kulemera. Pewani Lolemba. Lachinayi kapena Lachisanu ndi bwino, chifukwa zakudya za pa wikendi zimakhala zitachoka m'thupi.

2. Nthawi ikhale imodzi

Mukadzuka, pitani kuchimbudzi kaye, kenako kwerani pa sikelo musanamwe tiyi kapena madzi, muli ndi chovala chamkati chokha kapena chitenje chomwecho tsiku lililonse. Kamodzi basi. Usiku wonse thupi limataya madzi kudzera m'mpweya, thukuta ndi mkodzo, choncho m'mawa ndi pamene limafanana kwambiri ndi mmene linalili dzulo m'mawa. Madzulo mudzapeza kuti mwalemerako, mwina ndi kilo yonse, ndipo nambala imeneyo ilibe chokuuzani. Makapu awiri a thobwa okha ndi theka la kilo pomwepo.

Kudziyeza mukangochoka kothamanga kapena kumunda ndi kudzinamiza kwina. Mu Okutobala, dzuwa la kuno likaswa mtengo, munthu akhoza kupepuka ndi kilo chifukwa cha thukuta, n'kuibweza yonse akamwa madzi.

3. Lembani nambala, ndi mawu awiri pambali pake

Kope la mwana la masamu likwanira, kapena foni. Lembani tsiku, kulemera, ndi kachikumbutso ka zimene zinachitika dzulo: "kapenta wamchere", "basi ya ku Lusaka", "mchezo wa maliro", "sindinapite kuchimbudzi", "ukwati". Mukatero tsekani kopelo mukapitirize za tsikulo. Nambala ya lero musaiweruze lero.

Mawu a pambaliwo ndi amene adzakuphunzitseni thupi lanu. Patatha mwezi umodzi ndinaona kuti ine nsomba youma ndi imene imandikweza kwambiri, pafupifupi nthawi zonse, pamene mpunga sundivuta kwenikweni. Wina adzapeza zosiyana.

4. Pa sabata pezani avereji, ndipo muzikhulupirira imeneyo

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Amayi amene anapitapo ndi mwana ku sikelo akudziwa kuti anesi sayang'ana kadontho ka mwezi umodzi pa khadi. Amayang'ana mzere wolumikiza timadonthoto, ngati ukukwera, waima kapena ukutsika. Mwana akhoza kupepuka mwezi umodzi chifukwa anatsegula m'mimba, koma mzere ndi umene umanena ngati akukula. Ife akuluakulu tikufuna mzere womwewo, kungoti wathu uzitsika pang'onopang'ono.

Lamulungu phatikizani manambala a masiku asanu ndi awiri, mugawe ndi 7. Foni iliyonse ili ndi powerengera. Nawa masabata awiri a m'kope langa, kuyambira Lolemba mpaka Lamulungu:

Sabata yoyamba: 85.6, 85.3, 84.9, 84.2, 84.4, 84.6, 85.1. Zonse pamodzi 594.1, avereji 84.9.

Sabata yachiwiri: 85.0, 84.5, 84.1, 83.8, 84.0, 84.4, 84.9. Zonse pamodzi 590.7, avereji 84.4.

Taonani msampha wake. Lachinayi la sabata yoyamba ndinali 84.2, ndipo patapita masiku khumi, Lamulungu la sabata yachiwiri, ndinali 84.9. Munthu woyang'ana masiku awiri amenewo okha anganene kuti ndanenepa ndi 0.7, n'kutaya mtima, n'kubwerera ku tiyi wa masupuni anayi a shuga. Chonsecho avereji yatsika ndi theka la kilo. Ndipo theka la kilo mpaka kilo imodzi pa sabata ndi liwiro limene a zaumoyo amalimbikitsa. Amene ali ndi thupi locheperako adzaona kutsika kochepa kuposa apa, ndipo palibe cholakwika.

Ngati mwaphonya tsiku limodzi kapena awiri, gawani ndi masiku amene mwayeza. Chinthu chimodzi chokha musachite: kudumpha dala masiku amene mukudziwa kuti sikelo ikwera. Ndinkachita zimenezi poyamba, Lolemba lililonse "kuiwala", ndipo avereji yanga inkaoneka bwino pamene siketi sinkasintha.

Dziwaninso kuti sabata yoyamba imanyenga. Thupi limasunga shuga wina m'chiwindi ndi m'minofu, wotchedwa glycogen, wokwana mwina theka la kilo, ndipo galamu iliyonse ya shuga ameneyu imasungidwa pamodzi ndi magalamu atatu a madzi. Mukachepetsa nsima, buledi ndi zakumwa zotsekemera, nkhokwe imeneyi imachepa, madzi ake n'kutuluka, ndipo sikelo imagwa msanga, mwina ndi makilo awiri. Munthu amasangalala n'kuganiza kuti zizitero sabata iliyonse. Sabata yachiwiri ndi yachitatu kutsika kumachepa, iye n'kumati zasiya kugwira ntchito, pamene ndi nthawi imeneyo mafuta enieni ayamba kuchoka. Tsiku limene mwadyanso nsima yokhuta, nkhokwe ija imadzaza, madzi ake n'kubwerera. Amene amati "nsima ya usiku umodzi yandinenepetsa" amakhala akuona zimenezi.

5. Ikalumpha, dzifunseni za dzulo ndi dzana

Funso loyamba ndi la mchere, chifukwa nthawi zambiri wolakwa ndi ameneyo. Mchere umakoka madzi, ndipo impso zimatenga tsiku limodzi kapena masiku angapo kuti zitulutse wowonjezerawo. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere pa tsiku, komwe ndi pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi, kuphatikiza wobisika m'zakudya. Tsono werengani: kapenta kapena nsomba youma yothira mchere, makyubu a supu, soseji, poloni, chipisi, michopo ya pa bala yovivika mu mchere ndi tsabola. Ngakhale soda amene timathira mu delele ali ndi sodium, chinthu chomwecho chimene chili mu mchere. Kapenta muziviika ndi kutsuka musanaphike, ndipo mukathira kyubu musawonjezerenso mchere wodzaza dzanja.

Funso lachiwiri ndi la kuchimbudzi. Anthu ambiri akayamba kuchepetsa chakudya amadzimbidwa, ndipo chimene sichinatuluke sikelo imachiwerenga. Mankhwala ake ali m'dimba ndi pa msika wa Kapata: chibwabwa, lumanda, repu, nyemba, kalembula (masamba a mbatata), papaya, magwafa, ndi madzi okwanira. Nsima ya mgaiwa imathandiza kuposa ya ufa woyera chifukwa gaga akadalimo.

Kenako ulendo. Kuchokera ku Lusaka kufika kuno ndi makilomita pafupifupi 570, tsiku lonse miyendo ili lende pa mpando wa basi. Madzi amatsikira ku mapazi, nsapato zimathina, ndipo ngati munagulako nsomba pa mlatho wa Luangwa n'kumadya m'njira, mawa lake sikelo idzakudabwitsani. Yendaniko pang'ono, gonani miyendo itakwezedwa pa pilo, pakatha masiku awiri zabwerera.

Ntchito yolemetsa imene thupi silinazolowere nayonso imakweza sikelo, ndipo izi zimapweteka mtima chifukwa munthu amayembekezera mphotho. Tsiku limene ndinakwera phiri la Kanjala koyamba ndi anzanga a ku tchalitchi, ntchafu zinawawa masiku atatu, ndipo masiku onsewo ndinali wolemera kuposa ndisanakwere. Minofu yotopa imasunga madzi pamene ikudzikonza. Zomwezo zimachitika sabata yoyamba yogalauza mizere mvula ikayandikira.

Mowa umachita mosinthanitsa. Umakodzetsa, choncho m'mawa wake abambo amapezeka apepuka n'kumati mowa wa Mosi sunenepetsa. Dikirani tsiku lachiwiri, thupi litabweza madzi ndi mchere wa michopo ija. Makalori a mowawo sanapite kulikonse. Kusagona, monga pa mchezo wa maliro, ndi nkhawa ya masiku ambiri, nazonso zimasokoneza nambala, ndipo zimawonjezera njala.

Mukapeza chifukwa, kapena ngakhale musachipeze, chochita ndi chimodzi: idyani monga mwa dongosolo lanu la masiku onse, imwani madzi, yendani, gonani. Musadumphe chakudya kuti mulipire za dzulo. Musachepetse madzi akumwa poganiza kuti ndi amene akukulemetsani, chifukwa impso zimafuna madzi kuti zitulutse mchere. Akuluakulu anati tsiku limodzi silioza mbewa, ndipo ife akum'mawa mbewa timazidziwa. Ku mwambo wa Nc'wala ku Mtenguleni kumapeto kwa Febuluwale, kapena ku Kulamba ku Mkaika mu Ogasiti, pitani mukadye ndi abale anu. Chimene chimanenepetsa si tsiku la mwambolo koma masabata awiri otsatira, pamene munthu wati "zawonongeka kale" n'kusiya zonse.

Mawu amodzi pa matiyi ochepetsa thupi amene akugulitsidwa pa Facebook ndi pa WhatsApp. Ambiri mwa iwo ntchito yake ndi kutsegula m'mimba kapena kukodzetsa. Sikelo imatsikadi, chifukwa madzi atuluka, monga chimanga chija pa dzuwa. Mafuta amakhala ali pomwepo. Choopsa kwambiri ndi kumwa mapilisi okodzetsa, monga furosemide, opempha kwa wachibale wodwala mtima. Amenewo amatulutsa madzi pamodzi ndi michere yofunika pa kagundidwe ka mtima, ndipo si omwa popanda dokotala. Mafuta akamasungunuka satuluka ndi chimbudzi ayi. Gawo lalikulu limatuluka ndi mpweya umene timapuma, lotsalalo ngati madzi. Nditamva zimenezi koyamba ndinaseka, koma ndi mmene zilili.

6. Amayi anzanga, yerekezani mwezi ndi mwezi

Masiku oyandikira kupita kumwezi thupi limasunga madzi, mimba imafufuma, mawere amalemera, ndipo sikelo ikhoza kukwera ndi kilo kapena kuposerapo ngakhale mwasamala bwanji. Kusamba kukayamba, pakapita masiku ochepa zimatsika zokha. Lembani kachizindikiro m'kope tsiku loyamba, ndipo avereji ya sabata imeneyo muiyerekeze ndi sabata yonga yomweyo ya mwezi watha, osati ndi sabata yapitayi. Kwa ife, mwezi umodzi ndi waufupi kuti tigamule chilichonse. Dikirani miyezi iwiri.

Ine monga telala ndimafunsa mkwatibwi mwakachetechete tsiku limene ndikumuyeza, chifukwa diresi loyezedwa sabata yolakwika limadzakhala lothina kapena lokhwefuka pa tsiku la ukwati. Ngati nsalu imaona kusiyanako, sikelo ingalephere bwanji?

7. Onjezerani mboni yachiwiri: tepi kapena chingwe

Mlandu sugamulidwa ndi mboni imodzi. Kamodzi pa masabata awiri, m'mawa musanadye, yezani mimba. Gwirani nthiti yomalizira m'mbali, gwiraninso pamwamba pa fupa la chiuno, ndipo tepi idutse pakati pa malo awiriwo, pa khungu, yowongoka kutsogolo ndi kumbuyo. Tulutsani mpweya mwachizolowezi, osakoka mimba. Abambo ambiri amandiuza saizi ya buluku ngati muyeso wa mimba, chonsecho bulukulo amalimangira pansi pa mimbayo. Umenewo si muyeso.

Malinga ndi WHO, chiopsezo cha matenda a shuga, BP ndi mtima chimayamba kukwera mimba ikapitirira masentimita 80 kwa amayi ndi 94 kwa abambo, ndipo chimakula kwambiri ikapitirira 88 kwa amayi ndi 102 kwa abambo. Njira yosafuna tepi ndi iyi: dulani chingwe chotalika ngati msinkhu wanu, kuyambira kuphazi mpaka pamutu, chipindeni pakati, ndipo muchizunguze pa mimba. Cholinga n'chakuti nsonga zake zikumane, kutanthauza kuti mimba ikhale yosapitirira theka la msinkhu wanu.

Pali masabata amene avereji imaima koma tepi ikutsika, makamaka kwa amene ayamba kupalasa njinga kapena kunyamula zolemera. Zikatero pitirizani, musasinthe kanthu.

8. Sinthani dongosolo pokhapokha mzere utaima masabata atatu kapena anayi

Avereji ikakhala pamodzimodzi masabata atatu kapena anayi, tepi nayonso osasuntha, pamenepo ndiye si madzi. Thupi likupeza chakudya chofanana ndi chimene likugwiritsa ntchito. Izi zimachitika kwa aliyense, chifukwa thupi likachepa limafunanso chakudya chochepa, komanso dzanja lomata nsima limayamba kukula pang'onopang'ono mwini wake osaona.

Sinthani chinthu chimodzi chokha, kuti mudziwe chimene chathandiza. Ine ndimayamba ndi saladi, chifukwa supuni imodzi yaikulu ili ndi makalori pafupifupi 120, ndipo ambiri timathira molunjika kuchokera m'botolo osayeza. Yezani ndi supuni sabata imodzi, mudzadabwa. Kenako shuga wa mu tiyi ndi zakumwa za m'mabotolo: botolo la 500 ml la chakumwa chotsekemera likhoza kukhala ndi shuga wopitirira timasupuni 12. Maheu ndi thobwa lothira shuga ndi chakudya, si madzi. Nsinjiro ndi zabwino, ndipo mtedza wa Chalimbana ndi ulemu wathu, koma mtedza wokazinga wongotola pocheza umakwana chakudya chathunthu munthu osakhuta. Nsima musaithawe. Chepetsani mtanda umodzi, ndiwo zamasamba zichuluke, pakhale nyemba, dzira, soya kapena nsomba kuti njala isabwere msanga.

Ngati chakudya mwachepetsa kale mokwanira, onjezerani kuyenda. WHO imalimbikitsa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata za ntchito yofulumizitsa mtima pang'ono. Kutsika pa njinga ya hayala patali pang'ono n'kumaliza ulendo wapansi mofulumira kumawerengedwa. Mukasintha, dikiraninso masabata awiri kapena atatu musanagamule.

9. Kusintha kumene si kwa madzi wamba

Zonse ndanenazi ndi za munthu amene akumva bwino m'thupi. Pali nthawi zina pamene sikelo ikunena zoona zofunika kuthamangira ku chipatala. Ngati mwakwera makilo oposa awiri m'masiku atatu, mapazi ndi miyendo zatupa moti chala chikadinda pamatsala dzenje, mukubanika pogona chagada kapena poyenda pang'ono, pitani tsiku lomwelo. Mtima kapena impso zikhoza kukhala zikulephera kutulutsa madzi. Mayi woyembekezera asamachepetse thupi popanda malangizo a ku sikelo ya amayi, ndipo akatupa nkhope ndi manja mwadzidzidzi, mutu n'kumawawa, maso n'kumachita chidima, asadikire kuti kuche. Kiliniki ya pafupi iyambe, ndipo zikafunika adzakutumizani ku Chipata Central Hospital, ku St Francis ku Katete kapena ku Mwami, malinga ndi kumene muli.

Kutsika nakonso si konse kosangalatsa. Thupi likamatsika mofulumira kuposa mmene mwachepetsera chakudya, kapena musanayambe n'komwe, pamodzi ndi ludzu losatha, kukodza pafupipafupi, chifuwa cha masabata awiri kapena thukuta la usiku, kayezetseni shuga, TB ndi HIV.

Mankhwala ena amakhudza sikelo. Amlodipine wa BP amatupitsa akakolo mwa anthu ena, prednisolone amasungitsa madzi ndi kuwonjezera njala, ndipo jakisoni wakulera wa Depo ndi ma ARV okhala ndi dolutegravir amanenepetsa anthu ena. Musasiye mankhwala aliwonse chifukwa cha sikelo. Tengani kope lanu mukawaonetse anesi kapena adokotala, manambalawo adzawathandiza kuona chimene chikuchitika. Odwala shuga amene amabaya insulin kapena kumwa mapilisi monga glibenclamide, kudumpha chakudya kukhoza kugwetsa shuga mpaka kukomoka, choncho iwo afunse kaye asanasinthe kadyedwe.

Ndipo pali anthu amene kudziyeza tsiku ndi tsiku sikuwayenera. Ngati nambala ya m'mawa ndi imene ikulamula ngati mudya kapena ayi, ngati mukukwera pa sikelo kangapo pa tsiku, kapena mwayamba kudzisanzitsa, siyani, mukalankhule ndi a zaumoyo. Makolo, atsikana a sukulu asamaseweretse sikelo m'njira imeneyi. Ena sizifika pamenepo, koma nambala imangowawonongera tsiku. Amenewo adziyeze kamodzi pa sabata, kapena sikeloyo akaisungitse kwa aneba n'kutsala ndi chingwe.

Konzekeraninso mafunso a abale. Makilo asanu oyamba atachoka, alamu anga anandikokera kuseri kwa nyumba n'kundifunsa monong'ona kuti, "Alamu, muli bwino koma? Kapena akukuvutitsani achimwene?" Kwathu kuno thupi ndi chizindikiro cha mtendere pa banja, ndipo kuonda kumakumbutsa anthu zaka za matenda. Ndinawaonetsa khadi la BP ndi kope lija, ndipo anamvetsa, ngakhale mpaka lero akandipakulira amawonjezera mtanda wina "wa mphamvu". Chingwe changa chili pa msomali kuseri kwa chitseko cha chipinda chosokera. Pamene ndinkayamba, pakati pa nsonga zake pankalowa chikhatho chonse n'kutsala malo. Mwezi uno patsala zala zinayi.